Walira Mvula Walira Matope: Ana a Mkombaphala m'Zaka za Mliri

Olemba mbiri ya miliri amakonda kuŵerenga maliro, kutchula maina a atsogoleri amene adalamula zakutizakuti, ndiponso kuyamika akatswiri amene adapeza mankhwala. Zimenezi nzoyenera ndithu. Koma alipo anthu ena amene mbiri imaŵaiŵala kaŵirikaŵiri, chifukwa salemba makalata ndipo saitanidwa ku misonkhano. Tikunena ana aang'ono a zaka ziŵiri, zitatu kapena zinai, aja timaŵaperekeza m'maŵa ku sukulu ya mkombaphala atanyamula kakapu kao komwera phala.

Pa 11 Marichi 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidalengeza kuti nthenda ya Covid-19 yasanduka mliri wa maiko onse, ndipo pa 5 Meyi 2023 lidanena kuti nyengo ya ngozi yaikulu yatha. Pa zaka zitatu zimenezo ana athu sadaleke kuchita zimene ana amachita chilengedwere dziko: kuyetsemula, kutsokomola, kutentha thupi usiku, nkudzuka m'maŵa akufuna kukaseŵera. Chimene chidasintha ndi mitima ya ife akuluakulu. Mamina a mwana, amene kale tinkangopukuta ndi nsonga ya chitenje, adasanduka nkhani yodetsa nkhaŵa banja lonse. Tsono popeza mliriwo udapita ndipo mitima yakhala pansi, nkwabwino kuti tibwerere m'mbuyo, tiwone zimene zaka zija zidatiphunzitsa pa za kulera ana pamodzi.

Nkhaŵa yakalekale

Kusonkhanitsa ana aang'ono pamalo amodzi kuti aleredwe ndi anthu amene si makolo ao kudafala ndi ntchito za m'mafakitale. M'chaka cha 1816 Robert Owen adatsekula sukulu ya ana aang'ono ku New Lanark, m'dziko la Scotland, kuti ana a anthu ogwira ntchito yoluka thonje akhale ndi oŵasamala. M'chaka cha 1840 Friedrich Fröbel wa ku Germany adatcha sukulu yake dzina lakuti Kindergarten, ndiye kuti munda wa ana. Pambuyo pake, pa 6 Januwale 1907, tsiku la chaka cha Epifania, Maria Montessori, amene anali dokotala, adatsekula nyumba yake yoyamba ya ana ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mumzinda wa Roma.

Onseŵa ankadziŵa kuti pamene pasonkhana ana, matenda nawonso amasonkhana. Amene adalingalirapo kwambiri anali alongo aŵiri apachibale, Rachel ndi Margaret McMillan. Iwo adaona kuti ana a m'nyumba zothithikana za ku Deptford, mumzinda wa London, sankachira zifuwa, zilonda za pakhungu ndi mafinya a m'makutu. Motero m'chaka cha 1914 adayambitsa sukulu ya ana ya pabwalo, ya zisakasa zotsekuka mbali ya kumunda, kumene ana ankasamba, kudya mokwanira ndi kugona masana pamalo opita mphepo. Patapita zaka zoposa 100, madokotala a nthaŵi ya Covid-19 adabwereranso ku nzeru yomweyo, natiuza kuti titsekule mazenera ndi kuchitira misonkhano panja. Mkombaphala wa patsinde pa mtengo wa mango, umene ena amaunyoza, udapezeka kuti pa mfundo imeneyi ukuposa chipinda chokongola chotseka mazenera.

Kwathu kuno ku Malaŵi, kale mwana ankaleredwa ndi mudzi wonse: agogo, azakhali, achemwali ake omubereka kumbuyo, ndi anzake a kumasanje. Sukulu za ana aang'ono zidayamba m'matauni, ndipo bungwe loziyang'anira lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1970. Za kumidzi zidayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mothandizidwa ndi UNICEF, makamaka pofuna kulimbana ndi kunyentchera kwa ana. Zidachuluka kwambiri m'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi idasiya ana amasiye ochuluka m'manja mwa agogo okalamba. Tisaiŵale chimenechi: mikombaphala yathu yambiri idabadwa ndi mliri wina. Anthu a m'midzi ndi a m'mipingo, poona tsoka limene lidagwa, sadabalalitse ana koma adaŵasonkhanitsa, naŵaphikira phala m'makalasi a katekisimu ndi m'makhonde a matchalitchi. Alezi ambiri, kuyambira nthaŵi imeneyo, akhala akugwira ntchitoyi mongodzipereka, opanda malipiro.

Chifukwa chiyani mwana wa mkombaphala sachira chimfine?

Mai aliyense amene adaperekako mwana ku mkombaphala amadziŵa kuti chaka choyamba chimakhala cha mamina. Chifukwa chake nchodziŵika. Mwana akamabadwa amatenga chitetezo kwa amai ake, ndipo mkaka wa m'maŵere umaonjezerapo. Koma chitetezo chobadwa nachocho chimayamba kutha mwana akafika miyezi ngati 6, ndipo kuyambira pamenepo thupi lake liyenera kuphunzira lokha kuzindikira adani ake mmodzimmodzi. Tizirombo toyambitsa chimfine tilipo mitundu yoposa 200, ndipo kupambana kamodzi sikuteteza mwana kwa tinzake tonse. Nchifukwa chake mwana wamng'ono wathanzi labwino angathe kudwala chimfine maulendo 6 kapena 8 pa chaka, ndipo amene amakhala pagulu amapitirirapo.

Tiwonjezerepo khalidwe la ana. Iwo sadziŵa kutalikirana. Amagwirana manja, amalandana zidole zimene zinali m'kamwa mwa mnzao, amamwera kapu imodzi, amayetsemulirana kumaso popanda kupepesa. Choncho chimfine, katsabola, matsagwidi, maso ofiira, chipere, mphere ndi kutsekula m'mimba zimayenda pakati pao mosavuta. Komabe madokotala amene adatsata ana kwa zaka zingapo ku America ndi ku Canada adaona kuti ana amene adadwaladwala chimfine ali ku mkombaphala sankadwala kaŵirikaŵiri atafika ku pulaimale, poyerekeza ndi anzao amene adakulira pakhomo. Makolo athu adaneneratu kuti walira mvula walira matope. Amene afuna kuti mwana wake aphunzire kulankhula, kuimba, kugaŵana ndi kukhululukirana pakati pa anzake, alandirenso chimfine chimene anzakewo adzampatsa.

Zitseko zitatsekedwa

Pa 20 Marichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo sukulu zonse zidatsekedwa pa 23 Marichi, munthu ndi mmodzi yemwe asanapezeke ndi kachiromboka m'dziko muno. Odwala oyamba adalengezedwa pa 2 Epulo. M'masiku omwewo, pa 27 Marichi, dziko lonse lidaona Papa Francis akupemphera yekha madzulo, mvula ikugwa, pa bwalo la Petro Woyera lopanda anthu. M'maparishi ambiri madzi odalitsidwa adachotsedwa pakhomo la tchalitchi, ndipo moni wa mtendere sitinkapatsananso pamanja.

Mantha amenewo anali ndi maziko ake m'mbiri. Mliri wa fuluwenza wa 1918, umene udapha anthu ngati 50 miliyoni pa dziko lonse, sudasiye ana ndi achinyamata. Udafika kuno ku Nyasaland kumapeto kwa chaka chimenecho, pamene asilikali ndi amtengatenga ankabwerera kwao kuchokera ku nkhondo. Ife Akatolika timaukumbukira mliri umenewo mwa ana aŵiri a ku Fatima, Francisco Marto amene adamwalira pa 4 Epulo 1919 ali ndi zaka 10, ndi mlongo wake Jacinta amene adamtsatira pa 20 Febuluwale 1920 ali ndi zaka 9. Palibe amene akadadziŵiratu mu Marichi 2020 kuti nthenda yatsopanoyi idzakhala yosiyana. Koma miyezi itapita zidaoneka poyera kuti Covid-19 inkapha makamaka okalamba ndi odwala matenda a shuga, a mtima ndi ena otere, pamene ana aang'ono ambiri ankangomva ngati chimfine wamba, ena osamva kanthu nkomwe.

Chikhalirecho ana ndiwo adalipira mtengo waukulu. Dzina lakuti mkombaphala silinama: kwa ana ambiri a kumudzi, kapu ya phala ya kusukulu ndiyo chakudya chodalirika cha m'maŵa. Bungwe la Mary's Meals, limene lidayamba kudyetsa ana kuno ku Malaŵi m'chaka cha 2002, lidayamba kugaŵira makolo ufa wa phala kuti azikaphikira ana kunyumba, ndipo chimenechi chidathandiza mabanja ambiri. Koma nyimbo, nthano, maseŵera ndi diso la mlezi limene limaona msanga mwana wowonda kapena wozunzidwa, zimenezi sizikadatheka kuzigaŵa m'matumba. Mmera mpoyamba, ndipo kwa mwana wa zaka zitatu theka la chaka ndi nthaŵi yaitali zedi.

Chifuwa chilichonse chitasanduka mlandu

Sukulu zidayamba kutsekulidwa pang'onopang'ono mu Sepitembala ndi Okutobala 2020. Koma mu Januwale 2021 mliri udabweranso mwaukali. Pa 12 Januwale nduna ziŵiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Sukulu zidatsekedwanso kwa milungu ingapo. Katemera woyamba adafika m'dziko muno pa 5 Marichi 2021.

M'miyezi imeneyi ndi m'mene makolo ndi alezi adavutika koposa. Zizindikiro za Covid-19 mwa mwana, ndiye kutentha thupi, chifuwa, mamina ndi kufooka, nzomwezonso za chimfine wamba, ndipo kutentha thupi ndi kufooka ndi chiyambinso cha malungo. Nanga mlezi wa kumudzi, wopanda ngakhale choyezera kutentha kwa thupi, akadasiyanitsa bwanji? Malamulo oteteza akuluakulu sankatheka pa ana. A WHO eni ake adalangiza mu Ogasiti 2020 kuti ana a zaka 5 ndi ocheperapo asakakamizidwe kuvala zophimba pakamwa ndi pamphuno. Ndipo palibe munthu amene angatonthoze mwana wolira ataima patali.

Ku maiko olemera, monga ku England, mwana akangotentha thupi kapena kuyamba chifuwa ankabwezedwa kunyumba mpaka atayezedwa, ndipo makolo ankajomba ku ntchito mobwerezabwereza. Kwathu kuno vuto lidali la mtundu wina. Zoyezera zidali zochepa ndiponso kutali. Mai wogulitsa tomato pamsika kapena wopita kuganyu, akakhala pakhomo tsiku limodzi, banja limagona ndi njala. Kunyumbako nkumenenso kuli agogo, amene nthendayi inkaŵafuna koposa. Tsono mai ankaima pakati pa moto uŵiri: akamtumiza mwana wa chifuwa ku mkombaphala, anzake amuloza chala, akamsunga pakhomo, ntchito yaima ndipo agogo ali pangozi. Panali kunong'onezana za mwana wa uje amene akuti ndiye wabweretsa matenda. Choopsa kuposa zonse chidali chakuti makolo ena adayamba kuwopa chipatala, poganiza kuti akatengako kachirombo kapena akatsekeredwa. Madokotala a ana pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre adaona kuti ana obwera nao adachepa m'miyezi yoyamba ya mliri. Malungo ndi chibayo sizidathe ai. Ana ankangodwalira kunyumba.

Matenda amene adabisala nkubweranso

Zimene zidachitika ku maiko ena zidadabwitsa ngakhale akatswiri. Chifukwa cha kutsekedwa kwa sukulu ndi malire, kusamba m'manja ndi kuphimba pakamwa, matenda ena a masiku onse adazimirira kwa kanthaŵi. M'nyengo yozizira ya 2020, fuluwenza sidaoneke kwenikweni ku South Africa, ku Australia ndi ku New Zealand, maiko amene chisanu chao chimagwa mu Juni ndi Julayi monga chathu. Mtundu wina wa fuluwenza, wotchedwa B/Yamagata, udasoŵeratu kuyambira mu Marichi 2020, kotero kuti m'chaka cha 2023 a WHO adalangiza kuti uchotsedwe m'katemera.

Koma tizirombo tina tidangodikira. Kalipo kachirombo kotchedwa RSV, kamene kadadziŵika m'chaka cha 1956, ndipo pafupifupi mwana aliyense amakumana nako asanakwanitse zaka 2. Kwa ana okulirapo kamangoyambitsa chimfine, koma kwa makanda kamatseka tinjira ta mpweya m'mapapo. Kumadzulo kwa Australia kachiromboka kadabuka kumapeto kwa 2020, m'nyengo yotentha, pamene sikayembekezeka konse. Ku New Zealand kadadzaza zipinda za ana m'zipatala pakati pa 2021. Ku America, kumapeto kwa 2022, kadafika pamodzi ndi fuluwenza ndi Covid-19, mpaka mabedi a ana adasoŵa m'zipatala zambiri.

Madokotala ena a ku France, m'chaka cha 2021, adayerekeza zimenezi ndi ngongole imene ana adayenera kubweza. Anzao ena sadakondwere ndi mau amenewo, ndipo tiyenera kumvetsa chifukwa chake. Thupi la mwana silifooka chifukwa chakuti sadadwale. Chimene chidachitika nchakuti ana obadwa m'zaka ziŵiri kapena zitatu, amene akadakumana ndi kachiromboko pang'onopang'ono, adakumana nako onse nthaŵi imodzi. Tisaganize tsono kuti kudwala nkwabwino, kapena kuti tizipereka dala ana ku matenda. Khanda la miyezi iŵiri liyenera kutetezedwa kwa mkulu wake wa chimfine, pakuti nthenda imene ingampepukire akadzakula ingathe kumupha lero. Phunziro lake nlakuti matenda wamba a ubwana tingathe kuŵachedwetsa ndi kuŵachepetsa mphamvu, koma sitingaŵathaŵe mpaka muyaya popanda kumlanda mwana anzake.

Ngongole yeniyeni

Ilipo ngongole ina imene ndi yoona ndiponso yoopsa. Bungwe la UNICEF lidaŵerengera kuti pakati pa 2019 ndi 2021 ana 67 miliyoni pa dziko lonse adaphonya katemera wao, wonse kapena wina. Pano mpamene tiyenera kusiyanitsa bwino. Chimfine ndi matope obwera ndi mvula, koma chikuku, poliyo, chifuwa chokoka mtima ndi kafumbata si matope ai, ndi chigumula. Ife a ku Malaŵi sitisoŵa mboni. M'chaka cha 2010 chikuku chidagwira anthu oposa 130,000 m'dziko muno, nkupha oposa 300. Mu Febuluwale 2022 kudalengezedwa kuti kamtsikana ka zaka 3 ka ku Lilongwe kapuwala ndi poliyo, nthenda imene tinkayesa idatha. Kolera imene idayamba mu Marichi 2022 idapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 idachedwetsa kutsekulira kwa sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre.

Komabe dziko lathu lili ndi mbiri yabwino pa za katemera wa ana. Katemera wa chibayo adayamba kuperekedwa kuno mu 2011, wa kachirombo ka rota kotsekula m'mimba mu 2012, ndipo mu Epulo 2019 Malaŵi lidakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kusikelo. Zimenezi ndi mphatso za Mulungu zodzera m'nzeru za anthu. Kholo limene lidanjenjemera ndi chifuwa cha mwana m'chaka cha 2020, koma lero likunyalanyaza tsiku la sikelo, likuwopa mthunzi nkusiya chilombo chenicheni pakhomo.

Zotsalira ife

Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Marko Woyera, mutu 10, umatisimbira kuti tsiku lina ophunzira ankaletsa anthu obwera ndi ana kwa Ambuye Yezu, ndipo Iye adapsa nazo mtima, naŵafungata anawo, nkuŵasanjika manja. Ana amenewo anali ana enieni a m'midzi ya fumbi, ndipo sitikukayika kuti ena mwa iwo anali ndi mamina. Paulo Woyera nayenso, m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto, amayerekeza Mpingo ndi thupi limodzi limene ziŵalo zake zimamverana zoŵaŵa. Mliri udatiwonetsa kuti chiphunzitso chimenechi si fanizo chabe: mpweya umene mwana wanga apuma ndi womwewo apuma mwana wa mnzanga.

Nchifukwa chake chikondi cha mnzathu chili ndi mbali ziŵiri pa nkhani imeneyi. Mbali yoyamba ndi ya kholo la mwana wodwala. Mwana wotentha thupi, wosanza, wotsekula m'mimba kapena wotuluka zidzolo asapite ku mkombaphala, pakuti kumeneko kuli ana ena ofooka, onyentchera, kapena amene kwao kuli khanda. Mbali yachiŵiri ndi ya ife anzake. Ngati tifuna kuti mai asunge mwana wodwala pakhomo, tiyenera kumthandiza kuti atero osagona ndi njala. Apa mpamene miphakati yathu ndi mabungwe a amai m'parishi angaonetse kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe: wina akhale naye mwanayo m'maŵa, wina amperekeze kuchipatala, m'malo mofunsana kuti adampatsa matendawo ndani.

Tiphunzirenso kuzindikira pamene chimfine chaleka kukhala chimfine. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma maulendo 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akamapuma maulendo 40 kapena kuposa, chingathe kukhala chibayo. Akamaloŵa m'nthiti popuma, akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka kapena kulefukiratu, tithamange naye kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Mwana aliyense wotentha thupi ayezedwe malungo tsiku lomwelo. Wotsekula m'mimba amwetsedwe Thanzi ndipo apitirize kuyamwa.

Ndipo tisataye zabwino zimene mliri udatisiyira. Mpondagiya ndi sopo zimene zidaikidwa pakhomo la mkombaphala chifukwa cha Covid-19 zimatchinjirizanso kolera ndi kutsekula m'mimba. Chigubu chake chisaume chifukwa chakuti mantha adatha. Mazenera akhale otsekula, mwana aliyense akhale ndi kapu yake, ndipo komiti ya parishi iziyendera chimbudzi cha ana monga momwe imayendera denga la tchalitchi. Pomaliza, tiŵakumbuke alezi. Iwoŵa adafungata ana athu pa nthaŵi imene ife tinkaopa ngakhale kupatsana moni. Thumba la chimanga pa nthaŵi yokolola, mtolo wa nkhuni zophikira phala, ndi mau othokoza pamaso pa mpingo tsiku la Mulungu, nzochepa poyerekeza ndi zimene adatichitira.

Miliri idzabweranso, monga idabwera mu 1918, m'zaka za Edzi ndi mu 2020. Ikadzabwera, tidzafunika kuteteza okalamba ndi ofooka, komanso kufunsa msanga kuti ana aang'ono adya kuti, aseŵera ndi yani, ndipo alandira bwanji katemera wao. Francisco ndi Jacinta Oyera, amene adadziŵa kuŵaŵa kwa mliri ali ana, atipempherere kuti tikhale ndi nzeru zosiyanitsa choopsa ndi chosaopsa, ndi mtima wolerera ana athu pamodzi.